A Sikweya ndi Mlandu wa Mabulugamu

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Sikweya, amalume ake a mkazi wanga Rozina. Pa maliro awo panayankhula anthu ambiri, a mpingo, a kwa mfumu, a kubanja, ndipo onse ananena zoona, kuti anali munthu wamtendere, kuti theka la anthu ogona kumanda kwathu anawaika ndi iwo. Koma za mlandu palibe anatchula, ngati kuti ukanadzuka n'kutiluma. Ine ndine mkamwini, pamaliro ntchito yanga ndi kuwaza nkhuni ndi kunyamula mabenchi, choncho ndinatseka pakamwa. Komatu ndine amene ndinkawakweza pa njinga yamoto kupita nawo kupolisi ndi kukhoti zaka zonse zija. Msana wangawu ukuwadziwa kuposa onse amene anaimirira tsiku lija.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, zala zake zakuda ndi zolimba chifukwa chothyola tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka msana unakana. Atapuma pa esiteti anatsala ndi udindo umodzi umene ankaunyadira kuposa zonse: anali mkulu wa adzukulu m'mudzi mwathu muno kwa Changata. Manda sankakumbidwa iwo asanafike ndi bango lawo loyezera. Ankakangana ndi amayi a kwaya pafupifupi pamaliro aliwonse, ati nyimbo zikutalika pamene mvula ikudzaza dzenje. Ankakangananso ndi achinyamata okumba mwaulesi, akumawauza kuti manda osazama ndi chipongwe kwa munthu amene sangathenso kudandaula. Akapsa mtima kwenikweni ankasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, ndipo aliyense ankadziwa kuti nthawi yoseka yatha.

Pa njinga sankandigwira m'chiuno. Ankati mpongozi sagwira mkamwini ngati mkazi wake. Ankagwira chitsulo cha kumbuyo, thupi lonse lili chagada, moti pa zitunda za ku Masambanjati ndinkangomva njinga ikuvina yokha. Ndikawonjezera moto pang'ono ankandigogoda paphewa ndi chala chimodzi.

"Pang'onopang'ono akamwini. Kumanda ndikudziwako kale, simukufunika kundionetsa njira."

Maulendo athu ambiri anali a Lachisanu. Ankaimbidwa mlandu wotentha mabulugamu a esiteti, ndipo khoti linawatulutsa pa belo n'kuwapatsa malamulo awiri: azikaonekera kupolisi Lachisanu lina, lina kudumpha, ndiponso asatuluke m'boma la Thyolo mlandu usanathe. Ena amene amapatsidwa malamulo ngati amenewa amawasunga miyezi iwiri itatu, kenako amaiwalako, apolisi nawo n'kuiwala. A Sikweya ayi. Kukhale chiperoni chozizira mpaka m'mafupa, kukhale malungo, ankavala jekete yawo yabulawuni, n'kupukuta nsapato ndi khoko la nthochi, n'kuima pakhomo panga tambala atangotsika. Apolisi anasinthana, ena anasamutsidwa, ena anapuma, atsopano ankapeza a Sikweya ali pa benchi ngati katundu wa ofesi. Mlandu unayamba mwana wathu Tadala ali kumsana. Anayamba sukulu, anaphunzira kulemba dzina lake, agogo ake akadali pa belo.

Masiku a khoti ndiwo anali owawa. Tinkafika m'mawa, n'kukhala panja pa mtengo mpaka dzuwa kufika pamutu. Dzina likaitanidwa ankalowa m'kabokosi ka oimbidwa mlandu, akonza jekete, atsokomola kukonza pakhosi kuti ayambe kufotokoza. Pamenepo wapolisi woimira boma ankaimirira n'kunena kuti mboni sizinabwere, kapena kuti mlanduwu waulandira kumene sanauwerenge, kapena kuti manijala wa esiteti anasamuka akumufufuza. Majisitireti ankatchula tsiku lina, basi. A Sikweya ankatuluka pakamwa pali pululu, mawu onse ali m'mimba. Pobwerera sankandigogoda paphewa, ngakhale ndithamange bwanji.

Rozina anayamba kalekale kunena za loya. Mkazi wanga ndi woti akagwira nkhani sataya, ndipo pa ichi anatengera amalume ake omwewo, choncho mkangano wawo unali wa anthu awiri ouma mutu mofanana. Iwo ankati loya ndi wa anthu akuba. Munthu wosalakwa sabwereka pakamwa pa mnzake, ankatero, chifukwa pake pali pomwepo. Ukangofika ndi loya, majisitireti amadziwiratu kuti uli ndi chobisa. Rozina ankawakumbutsa kuti iwo omwe anaimirapo anthu ambiri ngati nkhoswe, kuwayankhulira pabwalo eni ake ali chete, nanga loya wasiyana pati ndi nkhoswe? Iwo ankayankha kuti nkhoswe ndi m'bale wako amene anakuona uli wamaliseche, osati mlendo wa tayi amene sadziwa ngakhale dzina la amayi ako. Tsiku lina Rozina anawauza kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo a Sikweya anatha mwezi wathunthu osadya chakudya cha pakhomo pathu. Ankangobwera Lachisanu kudzakwera njinga, moni n'kupereka kwa ine ndekha.

Kuti mumvetse kuuma mutu kumeneku muyenera kudziwa mmene mlanduwo unabadwira.

Manda athu ali mkati mwa esiteti. Makolo atabwera kuchokera ku Mozambiki anagona pamenepo, ndipo tiyi anachita kuwazungulira, moti lero ukaima pamsewu umaona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe pakati pa munda wobiriwira wopanda malire. Kumtunda kwake kuli nkhalango ya mabulugamu amene esiteti imawotchera tiyi kufakitale. Chaka chilichonse mvula isanagwe, mudzi umapita kukalambula kumanda. Chaka chimenecho a Sikweya anatsogolera monga mwa masiku onse. Anasesa, anaunjika masamba pakati, anatentha, ndipo moto utatha anaukwirira ndi dothi iwo akuyang'anira. Anthu anabalalika. Dzuwa litapendeka kunauka mphepo ya mu Okutobala, ndipo tinangoona utsi wakuda kumtunda. Mabulugamu anapsa chigawo chachikulu ndithu.

Moto umenewo unachokera kuti, mpaka lero palibe akudziwa. Nyengo imeneyo osaka mbewa amayatsa paliponse, ofula njuchi nawonso amayenda ndi miyuni. A Sikweya ankakhulupirira kuti wawo anauzimitsa, koma ankati mphepo ilibe mboni. Ndiye anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita kwathu kuno. Moto ukapsereza munda wa mnansi wako tsiku limene iwe unayatsa, sudikira kuti akuitane. Umapita wekha, kaya ndi wako kaya si wako, kukaonetsa nkhope, kukapepesa, kenako mumakhala pansi n'kufufuza limodzi. Wobisala ndiye amaoneka wolakwa. Komanso anamva kuti alonda a esiteti ayamba kulemba mayina a anyamata amene anali kumanda, ndipo anati mutu ukakula sulewa nkhonya. M'mawa mwake anagwira tambala wawo woyera, anamumanga miyendo ndi luzi, ulendo ku ofesi ya manijala.

Sanauze munthu. Ndikanadziwa ndikanawabisira nsapato.

Manijala anali mlendo kuno, ndipo nayenso anali ndi akuluakulu ake amene ankamufunsa za mitengo. Anaona nkhalamba itagwada pakhonde, nkhuku ili m'manja, ikunena kuti yabwera kudzapepesa za moto, anyamata asawavute. Sanaone mwambo, anaona munthu wovomera. Anawapatsa mpando, anaimba foni, ndipo a Sikweya anakhala pamenepo mwaulemu akuganiza kuti akuitana akuluakulu oti adzakambirane. Inafika ndi galimoto ya polisi.

Kupolisi anafunsidwa ngati ali ndi chonena, ndipo anali nacho chambiri. Anayambira kwa agogo awo kuwoloka Ruo, anafotokoza za manda, za kulambula, za dothi limene anakwiririra phulusa, za mphepo. Wapolisi analemba mizere yochepa m'Chingerezi, anawagwira dzanja n'kudinditsa chala. Anagona m'chitokosi, kenako ku rimandi masiku angapo, mpaka tinakawaimira kuti atuluke pa belo. Atafika kukhoti koyamba ndi pamene anamva womasulira akuwerenga kuti iwo anavomera kupolisi kuti anayatsa moto umene unatentha nkhalango. Anakana mlandu, ndipo anafuna kulongosola pomwepo, koma anauzidwa kuti nthawi yawo yoyankhula idzafika mboni za boma zikadzatha. Nthawi imeneyo ndiyo ankaidikira. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsiku limene adzaloledwe kufotokoza kuyambira pachiyambi, majisitireti adzagwedeza mutu n'kunena kuti bambo awa sanalakwe, anangochita ulemu.

Chimene chinawathyola si khoti ayi, ndi mtsinje.

Anali ndi mlongo wawo wamkulu, a Malita, amene anawalera amayi awo atamwalira. A Malita anakwatiwa kutsidya la Ruo, ku Mozambiki, mudzi woyandikana ndi mtsinje. Kale ankayenderana ngati anthu a mudzi umodzi, koma chiyambireni mlandu a Sikweya sanapondeko. Nthawi ina anafunsapo wapolisi wa pa tebulo ngati angapite kukaona wodwala, ndipo anayankhidwa kuti pepala likunena zomveka, akufunanso chiyani. Sanafunsenso. A Malita nawo miyendo inali itafa, sakanatha kubwera. Ankangotumizirana nandolo ndi makaka kudzera mwa anthu a geni.

Uthenga woti a Malita amwalira unabwera pa foni Loweruka m'mawa. A Sikweya sanalire. Anatenga bango lawo loyezera, anavala jekete, n'kundiuza kuti ndilize njinga. Rozina anatsatira pa njinga ina. Ndinasangalala mumtima, ndinati lero lokha lamulo ligone. Pa doko palibe wapolisi, palibe chipata, palibe amene amafunsa dzina. Inali nyengo yachilimwe, madzi ofika m'mawondo, amayi akuwoloka ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ana akusewera pakati penipeni pa malire a mayiko awiri.

Anakhala pamwala, anavula nsapato, anapinda buluku. Anayenda mpaka madzi ananyowetsa zala za kumapazi. Pamenepo anaima nthawi yaitali. Kenako anabwerera pamwala paja n'kuyamba kuvalanso nsapato, mapazi ali chinyowere.

Rozina anagwada patsogolo pawo, anawachonderera, anawauza kuti palibe adzadziwe. Ine ndinalumbira kuti munthu akadzafunsa ndidzanena kuti tinali ku Masambanjati tsiku lonse.

"Ndiye tsiku langa likadzafika ndikaima bwanji?" anatero. "Ndikati ndine munthu wosunga mawu, pamene ndinawoloka mozemba ngati wakuba? Ndinadinda chala pa pepala la belo, mwanawe. Pitani inuyo."

Anandipatsa bango lija kuti ndikapereke kwa adzukulu a kutsidyako. Tinawoloka awiri. Mudziwo uli pafupi moti nyimbo za maliro zinkamveka mpaka pa doko, ndipo pamene tinkanyamula bokosi ndinacheuka n'kuwaona patali, kadontho kabulawuni pansi pa mtengo wa mkuyu. Munthu amene anaika m'manda anthu a eni ake osawerengeka anamvera pa mphepo maliro a mlongo wake. Titabwerera madzulo sanafunse kuti kunabwera anthu angati kapena analalikira ndani. Anafunsa kuti dzenje linazama kufika pati, ndipo mutu analozetsa kuti. Nditawayankha anagwedeza mutu n'kunena kuti achita bwino. Ndanyamulapo anthu ambiri achisoni pa njinga yanga, koma tsiku limenelo ndinalira ndine, ndikuyendetsa, misozi ikuuluka ndi mphepo.

Patapita masabata angapo anaitana Rozina n'kumuuza, maso ali kumbali, kuti nkhoswe yake ya tayi ija aibweretse aione.

Tinagulitsa nkhumba, ndipo kudzera mwa munthu wa kumpingo tinapeza loya wa ku Limbe. Sanali wa tayi. Anali mayi wachitsikana, wowonda, wa magalasi, ndipo a Sikweya atamuona akutsika galimoto anandiyang'ana ngati ndawagulitsa. Koma mayiyo anakana mpando, anakhala pamphasa, anapereka moni wogwira pachigongono, n'kupempha kuti agogo afotokoze zonse kuyambira pachiyambi. M'zaka zonsezo anali munthu woyamba wa zamalamulo kunena mawu amenewo. A Sikweya anayambira kwa agogo awo kuwoloka Ruo, ndipo mayiyo sanawadule mpaka tiyi amene Rozina anawathirira anazizira m'makapu.

Atatha anawafunsa ngati kupolisi anauzidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete mpaka atapeza owaimira.

"Chete? Munthu wamkulu akufunsidwa, ndiye akhale chete ngati mfiti yogwidwa?"

Mayiyo anaseka pang'ono, kenako anafotokoza mofatsa. Anati kukhala chete kupolisi si mwano ndipo si kuvomera, lamulo limalola. Anati asanadinde chala ankayenera kuwerengeredwa zolembedwazo m'chilankhulo chimene amamva, ndipo akanatha kukana ngati sizinali zimene ananena. Anati munthu sayenera kudikira mlandu mpaka kukalamba nawo, woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woti nkhani yake imvedwe mu nthawi yoyenera, ndipo zimenezi zimafunika munthu woti aziimirira n'kumakumbutsa khoti. A Sikweya ankamvetsera atagwira chibwano. Kenako anafunsa funso limene ine ndinkapemphera kuti asafunse. Anati nanga lamulo loletsa kutuluka m'boma lija, linali lotheka kulimasula?

Rozina anali atamuuza kale mayiyo za kumtsinje. Ndinaona akuvula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Sananame.

"Zimatheka, agogo. Timapempha khoti, ndipo munthu ngati inu, wosajomba chiyambire, sakanakukanizani. Tikanapempha kalekale."

A Sikweya anadzuka pang'onopang'ono, anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo tinawamva akuyankhula okha m'Chilomwe, akutchula dzina la mlongo wawo. Atabwerako nkhope inali yotsuka ndi madzi.

Loyayo anawaikira njira ziwiri. Yoyamba inali yopempha khoti kuti liuthetse mlanduwo chifukwa boma lalephera kubweretsa mboni zaka zonsezi. Anati imeneyi ndi yachidule ndipo mwayi ndi waukulu, akhoza kumasuka osayankhula ngakhale liwu limodzi. Yachiwiri inali yokakamiza kuti mlandu uzengedwe, mboni zibwere, iye azifunse mafunso, kenako a Sikweya afotokoze mbali yawo. Anawachenjeza kuti imeneyi ili ndi minga, chifukwa chala chija chinadindidwa ndipo nkhuku ija anthu anaiona. Ine ndi Rozina tinayankhira limodzi kuti yoyamba. Mayiyo anatiuza mwaulemu kuti mlandu ndi wa agogo, osankha ndi iwo.

Anasankha yachiwiri. Anati ngati atuluke chifukwa boma latopa, ndiye kuti maliro a mlongo wawo anawajomba pachabe. Ndinakwiya, sindibisa. Ndinamuuza Rozina usiku womwewo kuti amalume ake akufuna kufera m'khola chitseko chili chotsekula. Koma m'mawa ndinalizabe njinga.

Kukhoti zinthu zinasintha tsiku lomwelo limene mayiyo anaimirira. Woimira boma atayamba nyimbo yake ya mboni, iye anawerengera majisitireti mbiri yonse ya kuimitsaimitsa, ndipo khoti linalamula kuti tsiku lotsatira likhale lomaliza, mboni zibwere mlandu umvedwe. Lamulo loletsa kutuluka m'boma linachotsedwa pomwepo, mosavuta ngati kuchotsa chitsotso m'diso. Tinawauza kuti tsopano tipite kutsidya akaone manda a mlongo wawo. Anakana. Anati adzapita atamasuka kwenikweni, kuti akawauze a Malita mawu amene majisitireti wanena.

Miyezi imeneyo anali munthu wina. Ankakhala pakhonde n'kumayeseza zokanena, Tadala ali majisitireti pa mtondo wovundikira. Loyayo anawaphunzitsa kuti aziyankha chimene afunsidwa chokha, asamayambire kwa agogo awo, ndipo ankadandaula kuti mayi ameneyu akufuna kudula nkhani miyendo. Komabe ankamvera. Anayamba kumutchula kuti mdzukulu wanga wa ku Limbe, ndipo ankauza aliyense amene mwana wake watengedwa ndi apolisi kuti asathamangire kudinda chala, ayambe wapeza womuimira. Ankanena zimenezi mwaukali ngati kuti ndi nzeru imene anabadwa nayo.

Chiperoni cha chaka chatha chinabwera ndi chifuwa. Anagona sabata imodzi kunyumba, ina kuchipatala, ndipo anatisiya kutatsala pang'ono kuti tsiku lija lifike.

Loyayo anati tiyenera kupitabe kukadziwitsa khoti, choncho tsikulo ndinapita ndi Rozina. Tinakhala pa benchi ya kumbuyo. Kalaliki anaitana dzina la a Sikweya, anadikira, anaitananso mokweza, wapolisi wa pakhomo n'kulibwereza panja. Woimira boma anali watsopano. Anaimirira n'kunena kuti mboni imodzi yapezeka ndipo ili panja, koma poti woimbidwa mlandu wathawa belo, akupempha chilolezo choti akamangidwe. Rozina anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa.

Mayi uja anaimirira. Anauza khoti kuti bambo Sikweya anamwalira, ndipo anapempha kuti zilembedwe kuti chiyambireni mlanduwu aka kanali koyamba kuti dzina lawo liitanidwe iwo osayankha. Majisitireti analemba, anapepesa a kubanja, n'kunena kuti mlandu watsekedwa chifukwa woimbidwa mlandu kulibe. Sananene kuti analakwa, sananenenso kuti sanalakwe.

Kalaliki anayamba kusanthula mulu wa mafayilo kufuna mlandu wotsatira. Ine ndinkangoyang'ana kabokosi kaja. Ndi kamatabwa akale, kofika m'chifuwa mwa munthu wamfupi, kachitseko kake kolendewera mbali imodzi. Thabwa lapamwamba linachita kusalala ndi manja a anthu ogwirira poyankha. Dzuwa lolowera pazenera linagwera mkati mwake, pansi pamene simenti inakumbika ndi mapazi. Kachitseko kanali kotsekula, mboni inali panja, loya anali chiimire ndi mafunso ake m'manja, majisitireti ali pampando. Zonse zimene a Sikweya anadikira zinali zitakwana m'chipinda chimodzi, ndipo m'kabokosimo munalibe munthu.